Mameseji asanu ndi awiri, thumba limodzi

Anzanga, chidwi chinandivula ulemu pamaso pa apongozi anga, ndipo mpaka lero ndikamva mabelu a ng'ombe mtima umagunda.

Ine ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatatesi kwathu ku Kaphuka. Mbewu ikafika timatumizira mamembala meseji, ndipo lamulo lathu n'losavuta: ukaonetsa meseji pafoni, walandira thumba. Pulogalamu yotumiza mamesejiyo ili pa kompyuta ina ku Lilongwe, ine ndimangoilowa kudzera pa laputopu. Vuto linali lakuti netiweki ikaduka, pulogalamu nayo inkafera pomwepo. Ndiye netiweki yakwathu mukuidziwa, nkhungu ikangotsika m'phiri nayo imathawa.

Msuweni wanga Tadala, amene amakonza makompyuta m'tauni, anandiphunzitsa njira pafoni.

"Asuweni, muzitsegula kachipinda kosaoneka komweko pa kompyuta yakutaliyo, ntchito muziyambitsira m'menemo. Ngakhale mutseke laputopu, iyo izingogwirabe."

Ndinafunsa mafunso mpaka yuniti kumuthera. Igwira bwanji popanda woiyang'anira? Ikamaliza imagona? Funso limodzi lokha ndi limene sindinafunse: kachipindako umabwereramo bwanji?

Lachitatu m'mawa ndinatsegula kachipinda, n'kuyambitsa pulogalamu ija. Patangopita mphindi ziwiri, netiweki phwii! Mtima wa Tomasi unandigwira. Zoona chinthu chingagwire ntchito mwini wake atachoka? Ngakhale aganyu satero. Netiweki itabwera ndinatsegula kachipinda kena, n'kuyambitsanso. Yaduka. Ndinakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, laputopu m'manja, n'kuyambitsanso. Pofika masana ndinali nditatero kasanu ndi kawiri, ndipo ndinapita kunyumba ndikudziyamikira kuti ndine munthu wakhama.

Lachisanu ndikufika kumalo ogawira, mayo ine! Ngolo zandanda mpaka kumsewu, njinga, mawilibala, wina anabwera ndi matola yochokera ku Chimbiya. Aliyense foni m'mwamba. Tizipinda tonse tija tinagwira ntchito mokhulupirika, membala aliyense analandira mameseji asanu ndi awiri, pomwe m'nkhokwe munali thumba limodzi pa munthu.

"Alembi," anatero apampando, a Phiri, akupukuta thukuta kunja kukuzizira chonchija, "lamulo lija munalemba ndinu. Kawafotokozereni nokha."

Ndinakwera pabenchi. Munayesapo kufotokozera anthu amene abwereka ngolo za kachipinda kosaoneka ka ku Lilongwe? Mayi wina anakuwa kuti, "Kachipindako katsegulidwe, mwina matumba enawo ali momwemo!" Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ndikuganiza kuti kusekako n'kumene kunandipulumutsira ntchito.

Koma kutsogolo kwenikweni kwa mzere kunali apongozi anga aamuna, a Kamwendo, munthu amene chikwatiwire sindinamuyang'anepo m'maso. Anali atadzuka m'bandakucha, kumanga ng'ombe ziwiri pangolo, ndi kuuza mudzi wonse kuti mkazi wa mwana wawo wawakumbukira chaka chino. Ndinagwada n'kuwalembera thumba lawo limodzi. Analiika pakati pa ngolo yaikuluyo, naliyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa ng'ombe zawo.

"Tiyeni, anzanga, koma muyende mosamala. Matumba ena asanu ndi limodziwo ali m'foni."

Madzulo ake Tadala anandiphunzitsa kuona tizipinda totsegula, atamaliza kuseka. Tsopano netiweki ikaduka ndimangopinda manja, ndipo sindidzayambitsanso kanthu ndisanasuzumire. Kwa apongozi nako ndayamba ndasiya kupitako, mpaka mbatatesi ikumbidwe.