Ndinakumba Mgodi M'kamwa Mwanga

Nkhani iyi mkazi wanga waifalitsa kale m'komboni yathu yonse ya Mbizo kuno ku Kwekwe, ndiye bola muimve kwa mwini manyaziwo.

Ine ndimaimba lipenga m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Dzino langa lakutsogolo litathyoka, mpweya unayamba kuthawira pampatapo, lipenga n'kumalira ngati mbuzi yomangidwa. A bandimasita anapereka malo anga kwa a Ncube, munthu woimba ngati akukoleza mbaula. Zinandiwawa kwabasi. Ndinalumbira kuti pofika Pasaka ndikhala nditabwerera kutsogolo, zivute zitani.

Tendai, mwana wanga wa ku Joni, anati ndikaikitse implant, dzino lomangirira pa kachitsulo m'fupa la nsagwada. Ndinapita kwa dokotala wa mano m'tauni ya Kwekwe, mayi wachitsikana ndithu. Anazula chitsa cha dzino lija, anachita zina ndi zina, n'kusoka. Ankafotokoza zambiri, koma ine ndinali nditatsinzina, ndikupemphera chamumtima ndi mantha. Ndinkangoti, "Yes, doctor." Chomwe ndinatolapo n'chakuti dzino latsopano adzaika pakapola.

Patapita masiku angapo, lilime linagunda kanthu kokhakhala. Ndinalavulira m'dzanja. Timiyala toyera ngati mchenga!

Tsono ine ndagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka kupuma. Kumeneko akaphulitsa, sugwira china chilichonse usanagwetse miyala yolendewera ndi kuyeretsa malo. Wosiya zinyalala tinkamutcha mlesi.

"Mai Tendai, taonani!" ndinaitana mkazi wanga. "Mwana uja wasiya zidutswa za dzino m'dzenjemo."

"Muimbireni foni, bambo."

"Ndimuimbire kuti chiyani? Basa ili loyeretsa dzenje ndimalidziwa ine!"

Ndinayamba shifiti. Galasi la mkazi wanga, tochi ya pafoni, kamtengo ka machesi kosongola. Ulusi unkanditchinga, ndinaudula ndi nail cutter. Pansi pake ndinapeza kansalu.

"Waiwalanso thonje!" ndinakuwa, n'kukasolola.

Zinkapweteka, misozi ili chuchuchu, koma mwamuna sasiyira ntchito panjira. Ndinakumba, ndinachukucha madzi amchere, ndinakumbanso. Timiyala tonse ndinkatitola n'kutisunga m'bokosi la machesi ngati umboni. Dzenje linatsala mbee, ine mtima m'malo.

M'mawa mwake ndinavala jekete, n'kukwera kombi. Kwa dokotala anthu anali tho pamabenchi. Dokotalayo atangotulukira pakauntala, ndinaimirira.

"Doctor," ndinatero mokweza kuti onse amve, "ine ndine munthu wamkulu, sindikonda kudandaula. Koma ntchito yanu munaisiya half. Ndakumalizirani."

Ndinatsegula bokosi lija monyadira. Dokotala anayang'ana timiyalato, anayang'ana ine, n'kundiuza kuti ndiyasamule pomwepo.

"Maiwe, sekuru! Maitei?" anatero m'Chishona, kutanthauza kuti "Mayo, agogo! Mwachita chiyani?", manja ali kumutu.

Kenako anandifotokozera m'Chishona, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana. Timiyalato sitinali zidutswa za dzino ayi. Linali fupa logaya lomwe iye anathiramo dala. Dzino likachoka, fupa la nsagwada limafota, ndiye amadzazamo zimenezi kuti lisafote, kachitsulo kaja kadzapeze pogwira. Tina pang'ono timagwa tokha, n'zosadandaulitsa.

"Nanga kansalu kaja?" ndinafunsa, mawu atachepa.

"Ndicho chinali chivundikiro chake, sekuru."

Pamabenchi bambo wina wotupa tsaya ankalimbana ndi phwete. Koma ine ndi ine, sindigonja msanga. Ndinakankhira bokosi lija kwa dokotala.

"Palibe chatayika, doctor. Zonse zilipo, ingobwezeranimo. Ndazitsukanso bwinobwino ndi sopo!"

Chipinda chonse chinaphulika. Wotupa tsaya uja anaseka mpaka kubuula ndi ululu. Dokotala anapukuta misozi, n'kunena kuti tiyambirenso ndi fupa lina, ndipo dzino ndidzaliona Pasaka itadutsa kalekale.

Pa Pasakapo a Ncube anali kutsogolo ndi lipenga, chifuwa chili patsogolo. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni, pakati pa ana a Sande sukulu, ndikugwedeza maseche mwamphamvu, pakamwa nditatseka.

Akuti safunsa anadya phula. Safunsa wa ku Mbizo analavula fupa.