Mashelefu Anga Oyandama

Pamwamba pa diso langa lamanzere pali chipsera. Anthu akandifunsa ndimati ndinavulala kuntchito, ndipo ndimanena motsitsa mawu kuti aganize za chitsulo chachikulu cha m'fakitale. Ena amandimvera chisoni, wina anandigulirapo chakumwa. Koma bodza likakhalitsa limayamba kuyabwa, ndiye lero ndiulule. Chinandivulaza ndi shelefu ya m'khitchini mwanga, yokhoma ndekha, ndipo mboni zilipo zisanu ndi ziwiri, amayi okhaokha.

Ndimagwira ntchito pamalo ena osungira katundu ku Mobeni, kuno ku Durban. Ntchito yanga ndi kukwera lole n'kumakasiya mafiriji m'makomo mwa amene agula. Tsiku lina tinakasiya firiji ku Umhlanga, m'nyumba imene khitchini yake ingakwane mtundu wathu wonse wa ku Mangochi, ndi mbuzi zomwe. Koma chimene chinandigwira mtima si kukula kwake. M'khitchinimo munalibe makabati. Munali matabwa atatu okha pakhoma, opanda zitseko, opanda chochirikiza chooneka, ngati anangomera pomwepo. Pamwamba pake mbale zoyera zingapo, makapu anayi ndi kaduwa. Mayi wa pakhomopo anati amenewo ndi mashelefu oyandama. Ndinawajambula pafoni, uku mnzanga akubuula yekha ndi firiji.

Ife timakhala ku Cato Manor, m'chipinda chomata kumbuyo kwa nyumba ya alandilodi athu, Mama Zondi. Chimene timati khitchini ndi kakhonde kotsekedwa, koti munthu akatambasula manja amagunda makoma onse awiri. Kuseri kwa khoma limodzi ndi pabalaza pa Mama Zondi. (Mayi amenewa ndinawauza polowa kuti ndine Mvenda wa ku Limpopo. Musandiweruze. Amene anakhalapo kuno akudziwa kuti pali masiku ena amene Chichewa timachipinda bwinobwino n'kuchiika m'thumba.)

Akazi anga, Abiti Jafali, ndi telala. Kwa miyezi ingapo ankapempha kabati chifukwa mbale zathu zinkakhala m'beseni pansi pa tebulo. Madzulo amenewo ndinawaonetsa chithunzi chija ngati ndabwera ndi pasipoti yatsopano.

"Zitseko zili kuti?" anafunsa.

"Kulibe. Ndiye sitayilo yake."

"Ndiye mphemvu zizilowa osagogoda?"

"Mphemvu zimakonda mdima, Abiti. Poyera zimachita manyazi."

"Mphemvu za ku Durban, manyazi?" Anandibwezera foni n'kupitiriza kusoka.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinatsatira Che Msusa, bambo wachikulire wa kwathu amene amapanga mipando pafakitale ina ku Jacobs. Ndinkafuna kubwereka dirilo, makina oboolera khoma aja. Malangizo sindinapemphe, koma anabwera okha.

"Shelefu ya mbale isatuluke kukhoma kupitirira chikhatho chimodzi ndi zala zinayi," anatero. "Muyeze mbale yaikulu imene muli nayo, muonjezere pang'ono, basi. Ikapitirira apo imayamba kukoka khoma. Khoma lanulo ndi la chiyani?"

"Ndi lolimba, Che Msusa."

"Sindinafunse zimenezo. Njerwa, kapena mabuloko amphako aja?"

"Lolimba kwambiri."

Anandipatsa dirilo ija. "Muike mabulaketi, zitsulo zochirikiza zija, pansi pake."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditakana kale. Mabulaketi ndiwo amasiyanitsa Cato Manor ndi Umhlanga. Ndipo kashelefu ka chikhatho chimodzi ndinakaona ngati ka munthu wopanda masomphenya. Ndinaganiza motere: ngati shelefu yokwana mbale ndi yabwino, yokwana sefuliya ndi yabwino koposa. Tili ndi sefuliya yaikulu imene Abiti amaphikira mpunga pa Idi. Ndinaiyeza, ndinaonjezera malo a tsogolo, n'kupeza masentimita 60.

Abiti anavula tepi yawo m'khosi n'kuyeza khitchini. Kenako anati, "Abambo, kuchokera khoma ili kufika ilo ndi mita imodzi ndi theka. Mukatengapo 60, ine ndiziima pati?"

"Muziima cham'mbali."

"Ndiziphika cham'mbali?"

"Muzolowera."

Matabwa ndinapempha kwa kapitawo wathu, a mapaleti othyoka, aja timasanjikirapo katundu. Shelefu iliyonse ndinalumikiza matabwa asanu, moti poinyamula inkalemera ngati mbuzi yabere. Kuti iyandame ndinadula zitsulo zazitali, theka lilowe m'khoma, theka m'thabwa. Poboola, dirilo inkalimba pang'ono kenako n'kungolowa yokha fyuu, ngati chala m'papaya lakupsa. Ine ndinati ndi mphamvu za m'manja mwanga. Pabowo lina ndinayamba kumva wailesi ya Mama Zondi bwinobwino, mpaka zolosera za nyengo ya mawa. Ndinamatapo sopo.

Dzuwa likulowa, mashelefu atatu anali pakhoma. Ndinaima pakhomo n'kuwasirira. Ndinaima pakhomo chifukwa chitseko chinali chitasiya kutseguka chonse. Chinkafika pakati n'kugunda shelefu yapansi. Kuyambira tsiku limenelo m'khitchini mwathu tinkalowa ngati nkhanu.

Sabata yoyamba inandiphunzitsa zambiri, kungoti ine sindinali m'kalasi. Abiti ndi aafupi, ndiye dzanja lawo linkafika pakati pa shelefu basi. Chilichonse chopita kumbuyo chinali chitasamuka. Mchere unapita Lolemba, tinauwedza ndi mthiko Lachinayi. Shelefu yapansi inali pamwamba penipeni pa sitovu, moti Abiti ankaphika atawerama ngati akufunafuna singano, ndipo akadzuka mwadzidzidzi kunkamveka gu, kenako chete amene ankandiopsa kuposa mawu.

Chinanso chimene chithunzi chija sichinandiuze n'chakuti shelefu yopanda chitseko ilibe chinsinsi. Ku Umhlanga inkaonetsa mbale zoyera ndi kaduwa. Kwathu inkaonetsa mbale zapulasitiki za mitundu inayi, zigubu za majarini zosungiramo anyezi, kapu yopanda chogwirira, ndi botolo la mankhwala anga a vuto lina limene sinditchula pano. (Ndi vuto la anthu okhala nthawi yaitali pa lole. Tisiye pomwepo.) Mafuta a m'poto ankakwera, fumbi la mumsewu n'kumatirira. Mphemvu nazo zinasonyeza kuti manyazi sizinabadwe nawo. Zinkadutsa masana, mondondozana, ngati zikupita kukalembetsa ntchito.

Sabata yachiwiri shelefu yapamwamba inayamba kuwerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Makapu ankayenda okha kubwera kutsogolo.

"Ikugwa," anatero Abiti.

"Ndinaipendeketsa dala, kuti zinthu zizibwera kwa inu. Si mumadandaula kuti simufikira?"

Komabe Abiti atapita kukapereka madiresi a makasitomala, ndinatenga mopu n'kuichirikiza ndi mtengo wake. Shelefu yanga yoyandama inaima ndi mwendo umodzi, ndipo m'nyumba munasiya kukolopedwa.

Tsopano kunabwera uthenga woti azakhali awo a Abiti akubwera. Mayi amenewa amabwera ku Durban kudzagula mabulangete ndi nsapato zokagulitsa ku Limbe. Chiyambire sanandikondepo, ankafuna kuti Abiti akwatiwe ndi mphunzitsi wina wa ku Namwera, ndipo mpaka lero amandiuza za kukwezedwa kwake pantchito. Basi yawo inkafika Lachinayi, ndiye ndinapempha tchuthi kuti ndikawachingamire. Ndisananyamuke ndinachotsa mopu uja. Sindikanalola kuti azakhali akanene ku Malawi kuti khitchini ya mkamwini ili pa ndodo. Abiti anandiona ndikuchotsa. Anangolowa n'kutuluka kangapo atafumbata zinthu m'chitenje. Ine ndinati akukonza m'nyumba.

Azakhali anabwera ndi thumba lalikulu la mpunga wa Kilombero. Atamwa tiyi anati aone khitchini. Analowa cham'mbali (mayi ndi athupi, zinatenga nthawi), n'kuyang'ana m'mwamba.

"Akamwini, awa ndi mashelefu kapena bedi la alendo?"

"Ndi oyandama, azakhali. Azungu onse ku Umhlanga ali ndi otere."

"Chawagwira n'chiyani?"

"Sayansi."

"Mm. Ine sindingaikepo ngakhale mpango wanga."

Munthu wanzeru akanaseka n'kuwatulutsa. Ine ndinapita pakhomo, ndinasenza thumba la mpunga lija, n'kulikweza pashelefu yapamwamba. Ndinaimenya kawiri ndi chikhatho, ngati wogulitsa ng'ombe. Kenako ndinaima pansi pake, manja m'chiuno.

Kuseri kwa khoma kunkamveka nyimbo. Lachinayi amayi a tchalitchi cha Mama Zondi amasonkhana pabalaza pawo kupemphera. Ali mkati mwa vesi lachiwiri, ndinamva kafumbi kakugwera paphewa panga.

"Abambo, sunthani," anatero Abiti, ali kale panja.

"Ndisunthe chifukwa chiyani?"

Amenewo ndiwo mawu anga omaliza monga munthu wolemekezeka. Shelefu yapamwamba inabwera, koma sinabwere yokha. Inatenga ndi mabuloko atatu a khoma. Inagwera yapakati, yapakati inagwera yapansi, ndipo ngodya ya imodzi mwa izo inandipeza pamwamba pa diso. Mpunga unamwazika paliponse. Sefuliya ya Idi inatuluka pakhomo yokha n'kugubuduka mpaka pampopi. Ine ndili pansi, magazi ali chuchuchu, ndinakuwa m'chinenero chimene amayi anga anandiyamwitsa nacho: "Mayo ine, ndafa ine!" Ndinaonjezera ndi mawu ena a pamsika wa nsomba ku Mangochi, amene sakulembeka.

Fumbi litachepa ndinaona kuti pakhoma pali windo latsopano, lalikulu ngati wailesi yakanema. M'windomo munali nkhope zisanu za amayi ovala zipewa zoyera, mabuku a nyimbo ali m'manja. Nyimbo inali itaima. Mama Zondi anaika kapu yawo pansi, anayandikira, n'kusuzumira. Anayang'ana mpunga, anayang'ana azakhali amene anali atayera ndi fumbi ngati afwamphuka m'chigayo, kenako anayang'ana ine.

"Mwana wanga," anatero m'Chizulu, modekha, "Chivenda chako chasintha lero."

Ndinayesa kuyankha, koma Chizulu changa chonse chinali chitathawa.

"Usavutike. Mchemwali wanga anakwatiwa ku Venda. Ndinadziwa sabata yoyamba. Ukamaimba foni kwanu umakuwa ngati foniyo palibe." Anagwira m'mphepete mwa bowolo, chidutswa china n'kugwa. "Za kwanu ndilibe nazo ntchito. Ndili ndi ntchito ndi khoma langa."

Apa mantha enieni anandigwira. Kupeza chipinda kuno uli mlendo si masewera, ndipo ambiri athamangitsidwa pa zinthu zochepa kuposa kugumula balaza la mwini nyumba pakati pa mapemphero. Ndinayamba kuona katundu wathu ali pamsewu, makina osokera ali pamutu, azakhali akujambula.

Anatipulumutsa ndi Abiti. Anandipatsa nsalu yoti nditsindire pabala, anamanga chitenje bwino, n'kuzungulira kukhomo lakutsogolo. Kudzera pawindo langa lija ndinawaona akugwada pamaso pa Mama Zondi n'kuyankhula Chizulu chawo cha pa makina, chimene anaphunzira poyeza ziuno za makasitomala. Zinapezeka kuti awiri mwa amayi aja mayunifolomu awo anawasokera ndi Abiti. Azakhali nawo, nditawayang'ana mochonderera, anadzaza beseni ndi mpunga wotsala m'thumba n'kukapereka. Chigamulo chinali chakuti khoma likhale litatsekedwa lisanafike Lamulungu, ndipo ine ndisadzagwirenso chida chilichonse pamalopo, ngakhale hamala.

Pochokera kukiliniki, atandisoka kanayi, ndinakumbukira mbale zadothi zimene mayi awo a Abiti anatipatsa pa ukwati. Zinali pashelefu yapakati. Mtima unagwa.

"Abiti, mbale za ukwati zija..."

"Zili pansi pa bedi."

"Munachotsa liti?"

"Pamene munkachotsa mopu."

Kunena zoona, zimenezo zinandipweteka kuposa singano ya nesi.

Loweruka Che Msusa anabwera ndi mmisiri womanga. Anaima pabowolo nthawi yaitali, anatola chidutswa cha buloko, n'kulowetsa chala m'mphako yake. "Lolimba kwambiri," anatero, osandiyang'ana. Khoma litauma anaika mashelefu awiri, chikhatho chimodzi ndi zala zinayi, okhala pa mabulaketi akuda onenepa ngati maondo. Abiti anasoka katani yamaluwa n'kutchinga kutsogolo. Chitseko chikutseguka chonse, mchere ukupezeka, botolo langa labisika. Nkhani inakafika ku Malawi azakhali asanafike, ndipo amayi anga anaimba foni kufunsa ngati n'zoona kuti ndinagwetsa tchalitchi.

Ndiye phunziro ndi limeneli, kwa amene akulifuna: yezani mbale, osati mtima wanu, ndipo wachikulire akafunsa za khoma muzimuyankha. Ine ndavomereza zonsezo pamaso pa anthu. Pandekha ndimaonabe kuti maganizo anali abwino, linalakwa ndi khoma.

Sabata yatha tinakasiya firiji ku Ballito, ndipo pakhonde la nyumbayo ndinaona bedi lolendewera pa zingwe zinayi kuchokera kudenga. Pansi pake panali malo okwana makina osokera ndi mpando womwe. Sindinauze munthu. Koma dzulo masana Abiti anandipeza nditagona chagada, ndikuwerenga mitanda ya denga lathu ndi chala. Anayang'ana kudenga, anayang'ana ine, n'kutenga foni.

"Salamu aleikumu, Che Msusa," anatero. "Ayambanso."