Werengani Kaye, Usipa Pambuyo

Aliyense amene anaphunzirako pa koleji ya m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay akudziwa kuti usipa umene a Masiye ankakazinga ndi kugulitsa pachipata sunkadyedwa mwachangu. Ankaukulunga m'chidutswa cha nyuzipepala, n'kugwira phukusilo mwamphamvu ngati nkhuku yofuna kuthawa.

"Werengani kaye, ophunzira. Pamenepo akuti chiyani?"

Uwerenge mokweza, usipa ukadali m'manja mwawo. Ukamaliza, funso lina: "Nanga inuyo mukuti bwanji?" Mnyamata wina, Mcdonald, anayankhapo kuti kusowa kwa mafuta a galimoto sikumukhudza poti alibe galimoto. A Masiye anamuimika pamenepo mpaka usipa unazizira, akumufunsa ngati nsomba zimapita ku Lilongwe chouluka.

Akatseka malonda masana, a Masiye ankatsikira ku doko kumene asodzi amasoka maukonde, n'kuwafotokozera zonse zochitika m'dziko. Kumeneko ankawatcha a Wailesi, ndipo dzinali ankalinyadira kuposa jekete lawo la kutchalitchi.

Tikondwe, mtsikana wa ku Lifuwu wa chaka choyamba, zonsezi zinkamunyansa. Tsiku lina, akuchedwa ku kalasi, anapatsidwa pepala lonyowa ndi mafuta, zilembo zikuoneka movutikira. Ulesi unamugwira, n'kungopeka.

"Akuti kuyambira mwezi wamawa bwato lililonse lizikhala ndi kondakitala, ngati minibasi."

"Kondakitala m'bwato, mwanawe?"

"Ndi zimene alemba, bambo."

A Masiye anamukulungira usipa m'pepala lina, lijalo n'kuliika m'thumba kuti akaonetse anzawo.

Ku doko anthu anakangana za nkhaniyo masiku atatu. Mkulu wina anafika posankhiratu mlamu wake kuti ndiye adzakhale kondakitala. Kenako mphunzitsi wina wa pulayimale anapempha pepalalo, n'kuwerenga mutu wake mokweza. Inali nkhani ya kukwera kwa madzi a m'nyanja. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuyambira tsikulo akawaona a Masiye ankati wailesi yatha mabatire. A Masiye sanatsikirenso ku doko, komanso sanatchule amene anawanamiza.

Tikondwe atamva, manyazi anamugwira. Anayamba kudutsa mbali ina ya msewu, akumadziuza kuti adzapepesa sabata yamawa. Sabata yamawayo inamufikitsa ku tchuthi. Pobwerako anapeza benchi lokha ndi mafuwa akuda. A Masiye anali ataikidwa kale m'manda.

Tikondwe anapita kukapepesa maliro kwa akazi awo, mayi Christina. Atangotchula dzina lake, mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu Tikondwe uja? Bambo anu aja sankadziwa kuwerenga, ngakhale dzina lawo. Maso awo munali inu ana."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi jekete lija. M'thumba munali pepala lamafuta, lopindidwa kanayi.

"Anati mukadzabwera mudzaliwerenge bwinobwino. Aphunzitsi aja anangowerenga mutu wokha, anthu n'kuyamba kuseka. Nkhani yakeyo sanaimve mpaka kufa, ndipo zinkawawawa."

Tikondwe anawerenga mokweza, mzere ndi mzere, osadumpha ngakhale pamene mafuta anafufuta zilembo. Munali za minda ya mpunga imene inamira, yonga ya bambo ake omwe. Atamaliza anadikira funso lija. Mayiwo ankangopinda jekete.

Masiku ano pachipata pa koleji usipa umagulitsidwa m'timajumbo, ndipo mzere umayenda msanga. Ophunzira amadya maso ali pa foni, palibe wowachedwetsa. Tikondwe amagulabe, koma akalandira amaima kaye pang'ono, mpaka wogulitsa watsopanoyo amamufunsa ngati waiwala kanthu.