Ndowa ya a Dokotala Zimba

Nkhani iyi anzanga a kusekondale amaikamba paliponse tikakumana, ngakhale pamaliro, ndiye bola ndiikambe ndekha, manyaziwo andithere kamodzi.

Munali m'nthawi ya chipani chimodzi, ndili Fomu 3 ku Lilongwe. Koleji ina inagwirizana ndi sukulu yathu kuti ana a m'tauni tikaigwire sayansi ndi manja, osati kumangoiloweza m'buku. Anatikweza lole, aliyense khadi la chipani m'thumba, ulendo wa ku Salima. Nyanja ndinali ndisanaionepo, koma njira yonse ndinkafotokozera anzanga za mafunde ngati ndinabadwira m'bwato.

Wotitsogolera anali a Dokotala Zimba, katswiri wa nsomba wa ku kolejiko. Analonjeza kuti wochita bwino adzamutenga kukathandiza mu labu yawo pa holide. Malo amenewo ndinkawafuna mpaka tulo osabwera.

Pagombe lina kufupi ndi Chipoka tinathandiza asodzi kukoka khoka, n'kumapatula nsomba imodzi ya mtundu uliwonse. Mwadzidzidzi a Dokotala anakuwa ngati aponda moto. M'manja anali ndi kansomba kabuluu ka mizere yachikasu.

"Aka sindinakaonepo! Mwina palibe amene anakalembapo!"

Anakamanga ulusi wofiira kumchira n'kukaika mu ndowa momwe munali masampulo enawo.

"Fuledi, ndiwe wochangamuka. Ndowayi ikhale pamthunzi. Tikamaliza kuyeza madzi tiziika m'mankhwala."

Ndinainyamula modzitukumula, anzanga aone. Mthunzi wapafupi unali wa chisakasa cha mayi Hawa, amene ankakazinga nsomba pa chiwaya. Ndinawapatsa moni mwaulemu n'kutula ndowa pambali pawo. Anasuzumiramo.

"Zonse, achimwene?"

"Zonse, mayi!" ndinayankha monyada, poganiza kuti akudabwa kuti tagwira zambiri.

Chimene mwana wa m'tauni sindinkadziwa n'chakuti pagombe pamenepo, ukatula nsomba pafupi ndi chiwaya, sufunikanso kulongosola. Ine ndinathamangira kwa a Dokotala kukawagwirira mabotolo, kuti azindiona ndili bize.

Dzuwa litafika pamutu, mayi aja anandiitana.

"Achimwene a ku tauni! Nazi, zatheka."

Mbale yaikulu, nsomba zili psuu, zothira tsabola, fungo lake lokha malovu osaugwira. Ndinati eee, anthu akunyanja ndi a mtima wabwino! Ndinathokoza mpaka kugwada, n'kunyamula mbale ija kupita nayo kugulu.

"Bwana, lanchi! Anthu akuno andikonda, angondipatsa."

A Dokotala anandisisita paphewa. "Mwaona? Fieldwork ndi imeneyi, kugwirizana ndi eni dera. Mnyamata uyu adzapita patali."

Mtima wanga unafika kale mu labu, utavala kale jasi loyera. Pofuna kuwonjezera mamakisi, ndinasankha kansomba kamene kanakazingika bwino kuposa zonse.

"Aka n'kanu, bwana. Kakuoneka konona."

Anakayambira kumutu, khurrr, khurrr, maso ali chitsinzinire.

"Abale, chambo chachepa! Kameneka n'kamtundu wanji?"

Atafika kumchira anasiya kutafuna. Analowetsa zala m'kamwa n'kuyamba kukoka kanthu kamene kanakodwa m'mano. Kanatuluka pang'onopang'ono, tonse tikuyang'ana. Ulusi wofiira.

Nthawi yomweyo mayi Hawa anatulukira, ndowa ili m'manja, yotsukatsuka mbee!

"Mwaiwala ndowa yanu, achimwene. Wallahi, kabuluu kaja kanandivuta kupala, koma sindinakataye."

Ndinalakalaka mchenga utatseguka n'kundimeza. Anzanga anali atagwira pakamwa, mapewa okha akugwedezeka. A Dokotala anayang'ana ulusi, anayang'ana ndowa, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali, osaphethira.

Mtsikana wina wolimba mtima, Eneles, anakweza dzanja ngati tili m'kalasi.

"Bwana, ndiye za kansombako tikalembe chiyani mu lipoti?"

A Dokotala anameza chotsalira, napuma mozama.

"Kalembeni kuti n'kokoma."

Gombe lonse linaphulika ndi phwete, asodzi omwe. Ku labu anapita Eneles. Ine holide yonse ndinathera kunyumba, kuthirira mpiru wa amayi.

Mpaka lero, munthu akandifunsa kuti "Zonse?", ndimayamba ndafunsa kaye kuti zonsezo akufuna kuzitani.