Apongozi pa Mzere Woyezetsa

Tsiku limenelo ndikanangopita kudambo kukaonjola nsomba. Manyazi amatopetsa, abale, kuposa kupalasa bwato tsiku lonse.

Mkazi wanga ali ndi pakati, kusikelo anamuuza kuti abwere ndi bambo tikayezetse tonse chindoko ndi matenda ena opatsirana pogonana, poti chindoko chimatha kupha mwana ali m'mimba. Ndinavomera. Koma zokakhala pakati pa amayi oyembekezera pachipatala cha kwathu kwa Ndamera, pomwe aliyense amandigula nsomba? Ayi. Ndinaganiza zokayezetsa ndekha kutali, mwakachetechete (nzeru zanga zimathera pomwepa).

Ndinapalasa njinga mpaka chipatala china, dzuwa lathu lino likuluma kale. Pakhonde la chipinda choyezera panali mzere, ndipo kumapeto kwa benchi, pomwe ndimayenera kukhala ine, panali apongozi anga aakazi.

Kuno mkamwini sakhala mpando umodzi ndi apongozi, sayang'anizana nawo. Tikakumana panjira, wina amapatukira m'thengo. Ndiye ndinabwerera chambuyo n'kukaima kuseri kwa chipindacho. Nditasuzumira, pabenchi panalibe apongozi. Ndinakhala. Potembenuka, ndinaona nsalu yawo kuseri kwa mtengo wa nimu. Nawonso anali atandiona n'kundipatsa ulemu! Nanga ine ndingakhale, munthu wamkulu ataimirira? Ndinanyamuka. Iwo anabwerera, koma malo atatengedwa, n'kuyambiranso kumapeto. Tinasinthana choncho mpaka masana, anthu obwera pambuyo pathu akuyezetsa n'kumapita kwawo.

Kuseri kuja kunalibe mthunzi, khoma lokha lotentha ngati chiwaya. Apongozi akakamuuza mwana wawo kuti ndikuyezetsa mobisa, adzati ndayenda ndi yani? Ndinaona banja langa likutha popanda mlandu. Kenako m'maso munachita mdima.

Ndinatsitsimuka ndili pabedi, wina akundikupiza ndi nsalu. Anali apongozi, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Anamwino," anatero, "muwayeze bambowa akadali chigonere. Akadzuka athawiranso kuseri."

"Ndi ndani wanu, mayi?"

"Anakwatira kwanga."

"Nanga inu mwayezetsa?"

Apongozi anasiya kukupiza. Kenako anati, "Yambani iwowa. Ine mundiyeze akatuluka."

Anandibaya chala (ndinatsinzina, sindibisa). Zotsatira zinali zabwino, koma namwinoyo anati kusikelo ndipitebe ndi mkazi wanga. Ndinalibenso mphamvu zodandaula.

Potuluka, galimoto zopita kwathu zinali zitatha. Ndikanawasiya bwanji? Ndinawakweza panjinga, iwo atakhala chammbali, akuyang'ana kuminda. Ulendo wonse kunkamveka tcheni chokha. Mudzi utayamba kuoneka anatsokomola, n'kulankhula ngati akuuza mphepo.

"Mwana wanga akafunsa, anthu ena anakumana kumsika."

"Kumsika ndithu," ndinayankha, maso ali pa handulo.

Anatsikira patali, ine n'kuzungulira njira ina. Mkazi wanga sanamve kanthu, ndipo kusikelo ndinapita naye ngati munthu woyezetsa koyamba, chala chinanso n'kubayidwa. Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kusabisa zinthu m'banja. Koma chimene apongozi anga, mayi wamasiye wa mumvano kutchalitchi, ankafuna pamzere uja, ndikuwasungirabe mpaka lero, iwonso akundisungira changa.