Maliro a Munthu Wamoyo ku Fourways

Ntchito ya m'dimba ku Fourways, ku Joni, inandipulumuka ndisanagwire n'komwe khasu, ndipo chimene chinandipachika ndi ulemu umene ndinaphunzira kwathu ku Dedza.

Anandipezera ntchitoyo ndi achimwene anga, amene amalondera pageti kumeneko. Ndinali nditakhalitsa ku Alexandra osagwira kanthu, ndikungodya za eni.

"Bwanayo ndi mzungu wachikulire wa ndevu zoyera," anatero. "Ukadzere njira yachidule ya m'tchire, kuseri kwa mpanda. Usakachedwe, mfana."

Munali mu Januwale, dzuwa lili paliwombo. Nditangolowa m'tchiremo ndinaona agulugufe oyera osawerengeka, onse akulowera mbali imodzi ngati awaitana. Mphepo kunalibe, mbalame zili zii. Ndinagwidwa nthumanzi. (Ine si wamantha, koma malodza ndimawadziwa.)

Pamene udzu umathera n'kuyamba mitengo yaminga, ndinapeza anthu ataima mozungulira, atazolika, osalankhula. Pakati pawo munthu anali atagona chafufumimba, osagwedezeka. Mayi wina anali atagwira pakamwa.

Kwathu maliro sitilambalala. Ndinavula chipewa, n'kugwada, n'kuyamba kuwomba m'manja mwaulemu monga timachitira popepesa. Poona kuti palibe wandimva, ndinawomba mwamphamvu n'kukweza mawu: "Pepani anamfedwa, sore, sore!"

Kagulugufe kabuluu kanauluka paduwa limene linali pafupi ndi mphuno ya malemuyo.

Kenako mtembo unadzuka.

"Mayo ine!" ndinakuwa, n'kugwa chagada paminga. Mtembowo unali ndi kamera yaikulu m'manja, udzu uli m'ndevu zoyera, ndipo unandiyang'ana ndi mkwiyo. Mayi uja anandinong'oneza kuti iwo ndi gulu loonerera agulugufe, ndipo bamboyo wakhala akusakasaka kabuluuko zaka zambiri. Anali asanakajambule.

"Ndiwe yani? Ukufuna chiyani kuno?" anafunsa bamboyo m'Chingerezi.

Apa munthu wanzeru akanaliyatsa liwiro. Ine (Mulungu andikhululukire) ndinatola chipewa n'kuyankha: "Ndine gadeniboyi wanu watsopano, bwana."

Madzulo achimwene anandipeza ndikuzula minga m'thalauza.

"Abwana akuti m'dimba azilima okha," anatero. "Eish, iwe! Joni yonseyi anthu amam'dutsa munthu atagwa pamsewu, ndiye iwe wekha ukakhuze maliro a munthu wamoyo?"

Zinandiwawa, chifukwa ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse. Mpaka lero maliro sindilambalala, koma ndisanagwade ndimayamba ndasuzumira ngati malemuwo agwira kamera.