Sukulu Yathu m'Buku la Khonsolo

Lolemba

A Zuze, kapitawo wathu, abwera ndi nkhani. Lachisanu kukubwera mzungu wa khonsolo ya misewu kudzayesa mtengo wa pulazi lino, kuti adziwe msonkho woti Bwana Mandevu azilipira. Amawerenga chilichonse choima: mabalani a fodya, dibi la ng'ombe, mjigo, nyumba. Njerwa yootcha imakweza msonkho, lata limakweza, galasi ndiye usanene.

Ine ndakondwa. Sukulu yathu ya pakomboni ili nazo zonse zitatu. Njerwa tinaumba tokha, malata anagula makolo, mawindo awiri anapereka Che Amidu atelala. Woyendera sukulu wa ku Sinoya anati Sitandade 4 satipatsa popanda pepala losonyeza kuti pano pali nyumba yeniyeni, osati chisakasa. Bwana wakana kawiri kulemba kalata. Palibe kanthu, khonsolo ilemba.

Zofunika: laimu, matsache, ana osamba, nyimbo imodzi ya Chingerezi.

Lachiwiri

Tapaka laimu khoma lakumsewu, likuchita kuthobwa m'maso. Masana bwana wadutsa pa jipi, waima, wabwerera chambuyo. Posakhalitsa a Zuze atulukira ndi anthu asanu ndi ndowa za matope.

"Pepani aphunzitsi, bwana akuti sukuluyi ioneke yosauka."

Zaka zitatu ndinakhala pa yunivesite ku Joni ndikuwerenga za chuma cha maiko, koma palibe buku linandiuza kuti umphawi amachita kupaka ndi manja. Ndawauza poyera kuti ine matope sindikhudza. Ndangowagwirira makwerero, kuopa munthu angathyoke mwendo.

Lachitatu

Udzu pamwamba pa malata. Mawindo azulidwa, ali kunsi kwa bedi langa. Mayi a kunyumba akuti ndikaswa limodzi, kwa Che Amidu ndikapite ndekha.

Pulazi lonse likudwala mwadala. Injini ya mjigo yafunditsidwa masaka, geti lagonekedwa pansi, dona wa bwana wachotsa makatani. Bwana mwini wavala kabudula wong'ambika, kaya wamva kuti khonsolo iyesanso matako. M'nyuzipepala amati Chitaganya ndi ubale wa mitundu. N'zoona, sabata ino tonse tikunama limodzi.

Sindigonja. Ndalemba SUKULU pa thabwa, malembo aatali ngati mkono.

Lachinayi

Thabwa lasowa. M'kalasi muli mbuzi khumi ndi zinayi. A Zuze akuti bwana wati nyumba yonunkha palibe amaiyandikira ndi tepi. Mabenchi ali panja, ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa musasa. Tonde wandevu waima pamalo panga penipeni ndipo wadya theka la mapu a Afrika, kuyambira kumwera. Ndale akuzidziwa ameneyu.

Ndakonza mawu okanena mawa. Masamba awiri, ndi Chilatini pang'ono chothira mchere.

Lachisanu

Wafika. Kamzungu kofiira, chipewa, tepi, buku lalikulu. Tiyi pakhonde la bwana maola awiri. Mabalani wayesa ndi mapazi, dibi waliona ali m'galimoto.

Pakomboni ndamuimira pakati pa njira, jekete ndi tayi, ana akuimba kumbuyo kwanga. Ndili pa mzere wachitatu wandidula, mwaulemu ndithu. Akuti za komboni salemba, nyumba za antchito ndi sukulu zawo zilibe mtengo m'buku lake. Zilibe mtengo! Matope onse aja tinapakira mphepo.

Kenaka mbuzi yalira. Wasuzumira pakhomo. Wakanda khoma ndi kiyi wa galimoto, wapeza njerwa. Wabwereka ndodo ya bwana, watukula udzu, wapeza lata. Watambasula tepi, nsonga ina wandigwiritsa ine. Walemba akuwerenga mokweza: khola la ziweto, la njerwa, denga la malata, labwino kwambiri.

Nkhope ya bwana, phwetekere weniweni.

Loweruka

Komboni yonse ikuseka, ngakhale Mashona a kudibi abwera kudzamva. Inenso ndaseka, mpaka a Zuze atafika chipewa chili m'manja. Bwana wati popeza azilipira msonkho wa khola, likhala khola.

Ndapita kunyumba yaikulu, khomo lakukhitchini, poti digiri ya munthu wakuda imalowera kumeneko. Ndapempha bwana kuti mbuzi zituluke. Wati ndikadandaule kukhonsolo. Kalata ndalemba, yokoma zedi. Kalaliki wa kusiteshoni ya Darwendale, amene amazidziwa izi, waiwerenga, waiyamikira, n'kundibwezera. Wodandaula ayenera kukhala mwini malo. Ine malo anga ndi nsapato zomwe ndavalazi.

Lamulungu

Mapemphero pansi pa musasa, pakuti tchalitchi chathu chinalinso momwemo. Mbuzi zikuyankha pa amen aliyense.

Sitandade 4 kulibe chaka chamawa. Ana asanu ndi awiri amene akanalowamo, a Zuze awalemba kale kosankha fodya. Makolo akufunsa za malata awo. Ndawauza kuti ali m'buku la khonsolo, ndipo khonsolo yati ndi abwino kwambiri. Palibe waseka.

Mawa belu ndiimba pa nthawi yake, mabenchi ndiyala pakhomo pa khola. Bwana akafuna kuti tisiye, atsike pa jipi adzanene yekha pamaso pa ana.